Kodi Wapambana Ndani, Iwe Kapena Cida Cako?

Acinyamata anzanga, nkhani imene ndifuna kukamba nanu mwezi uno inabwera m'katoni. Akulu anga amene agwira nchito ku Johannesburg anabwera kudzaona amai, ndipo pakati pa mabulangete ndi mapoto amene ananyamula panali kabokosi kanga. M'kati mwake munali kiyibodi ndi mausi zopangidwira masewera a pa kompyuta. Iwo anadziwa kuti ndakhala ndiri kulira zinthu zimenezi kuyambira ndiri ku koleji. Ndinalandira ndi manja awiri, koma nsima ya usiku umenewo sindinaimve kukoma, pakuti mtima unali utapita kale ku cipinda.

Ndidziwa kuti makolo ena amene amawerenga magazini ino ana akagona ali kufunsa kale kuti, "Kodi mtsogoleri wa acinyamata ndi masewera a pa kompyuta zigwirizana bwanji?" Funso limenelo ndi labwino ndipo tidzalikamba tsiku lina. Lero ndiri ndi mlandu wina, umene wozenga ndi wozengedwa ali munthu mmodzi, ndiye ine.

Zimene zinali m'bokosi

Amai ataona mausi anafunsa dzina lake. Nditawauza kuti m'Cingerezi dzinalo litanthauza mbewa, anaseka nati, "Mbewa yotani yopanda mcira, yosati nkuotcha nkomwe?" Anali ndi mfundo. Mausi yoyamba, imene Douglas Engelbart ndi anzace anapanga ku California mu 1964, inali kabokosi ka thabwa kokhala ndi waya wonga mcira, ndipo dzinalo linacokera pamenepo. Yanga iribe waya. Ndi yopepuka kwambiri, kotero kuti tsiku loyamba dzanja langa linali kupitirira pamene ndinafuna kuimitsa. Mausi wamba ya mu ofesi imauza kompyuta pamene iri nthawi 125 pa sekondi imodzi. Iyi imatero nthawi 1,000.

Kiyibodi ndiyo inandidabwitsa koposa. Pa makiyibodi ambiri batani liyenera kutsika mpaka pa mlingo woikika kuti kompyuta imve, ndipo liyenera kukweranso mpaka pa malo ena ace musanalidinenso. Pa iyi, pansi pa batani liri lonse pali kamaginito, ndipo kacipangizo kena kamayesa kutalika kwa maginitoyo nthawi zonse. Nzeru yace ndi yakale, inatulukiridwa ndi Edwin Hall mu 1879. Cotsatira cace ndi cakuti mukangoyamba kukweza cala, ngakhale pang'ono pokha, kiyibodi yadziwa kale kuti mwasiya. Ndinakhala mpaka pakati pa usiku ndiri kudina mabatani ndi kuona manambala akusintha, monga mwana amene wagulidwa nsapato zatsopano ndipo afuna kugona nazo.

Ndiri ndi mnzanga wa ubwana amene tinakulira limodzi ku Chipata, ndipo tsopano tonse tiri mu Lusaka. Sindidzachula dzina lace. Loweruka madzulo timalumikiza makompyuta athu awiri ndi waya nkusewera Counter-Strike 2, awirife tokha, woyamba kufika 13 ndiye wapambana. Kiyibodi yace ndi ya mu ofesi, yogula kwa ogulitsa zakale, ndipo zilembo W, A, S ndi D zinafufutika kale ndi zala zace. Kwa zaka zitatu wakhala akundigonjetsa. Loweruka loyamba ndinapita ndi zida zanga zatsopano ndiri ndi cikhulupiriro conse kuti ufumu wace watha. Anandigonjetsa 13 kwa 6. Loweruka laciwiri zinali cimodzi-modzi. Ndinaphunzira mocedwa cinthu cimene ogulitsa salemba pa bokosi: munthu wamba amatenga pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo anai a sekondi kuti diso lione ndi cala cicite, ndipo ndiko kumene kunali kucedwa kwanga konse. Mausi inali kuthamanga kukapereka uthenga umene ine ndinali ndisanalembe.

Kabatani kobisika

Sabata lacitatu, pofufuza m'pulogalamu ya kiyibodi, ndinapeza malo ena oti nditsegule kapena kutseka. Kuti mumve cimene cinali pamenepo, ndiyenera kufotokoza pang'ono za sewero lenileni.

M'sewero limeneli mfuti imalunjika bwino pokha-pokha munthu wanu ataima. Mukaombera akuyenda, zipolopolo zimamwazika. Batani A limamuyendetsa kumanzere, D kumanja. Kuti aime mwadzidzidzi, muyenera kusiya A ndi kugunda D pa kamphindi komweko. Mukasiya msanga, amatsetsereka. Mukacedwa kusiya, mabatani awiriwo amalimbana, ndipo amatsetserekanso. Cala ca mphete ciyenera kukwera pamene mkombaphala ali kutsika, monga anthu awiri osinja mu mtondo umodzi. Anthu amaphunzira zimenezi kwa miyezi ndi zaka, ndipo ndilo luso limene linafufuta zilembo pa kiyibodi ya mnzanga.

Cimene ndinapeza cinali cakuti kiyibodi ikhoza kucita nchito imeneyo yokha. Mukadina D, iyo imaiwala A nthawi yomweyo, ngakhale cala canu cikali pomwepo. Osinja awiri aja sangagundane konse, pakuti wina ali kuwagwirira minsi.

Ndinatsegula. Loweruka limenelo ndinapambana 13 kwa 9, ndipo kenaka 13 kwa 7. Mnzanga anacotsa zomvera m'makutu, nandiyang'ana, nati, "Iwe, wadya ciani sabata ino?" Ndinaseka cabe. Sindinaname, koma sindinanene.

Sabata lotsatira anabwera ndi pempho. "Ndiphunzitseko mmene uli kuimira. Ndayesa usiku uli wonse koma sizituluka monga zako." Ndipo ine, amene Lamulungu liri lonse ndimaima patsogolo pa acinyamata, ndinaika dzanja langa pa thebulo ndi kumuonetsa mmene ayenera kukwezera cala. Anachera khutu, nayesa, nandithokoza. Apa mpamene cikumbumtima cinayamba kundidya.

Maloya a mumtima

Munthu akalakwa sasowa omuimira, ndipo anga anabwera msanga. Ndifuna kuti tiwamve bwino, cifukwa si zonse zimene ananena zinali zopusa.

Woyamba anati: palibe sewero lopanda zida, ndipo zida sizilingana. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana mpikisano wa marathoni ku Rome mu 1960 wopanda nsapato. Mu 1964 ku Tokyo anapambananso atabvala nsapato, ndipo palibe anamunena kuti waba. Wosewera mpira wokhala ndi nsapato za misomali amaposa wa mapazi pa bwalo lonyowa. Nanga kiyibodi yasiyana pati?

Yankho lace silapafupi, ndipo ngakhale akulu-akulu oyendetsa masewera abvutika nalo. Mu 2008 kunabwera zobvala zosambira zocedwa LZR Racer, ndipo makampani ena anatsatira ndi zao zothina thupi ndi kuthandiza munthu kuyandama. Pa mpikisano wa dziko lonse ku Rome mu 2009, mbiri za liwiro 43 zinaswedwa m'masiku ocepa. Anthu anayamba kufunsa ngati mendulo ipite kwa wosambira kapena kwa telala, ndipo kuyambira January 2010 zobvala zotero zinaletsedwa. Ku mbali ya othamanga, Eliud Kipchoge wa ku Kenya atathamanga mtunda wa marathoni ku Vienna mu October 2019 pa 1:59:40, mkangano wa nsapato zokhala ndi mbale yolimba m'kati unakula. Mu January 2020 bungwe la World Athletics silinaletse nsapato zonse zotere, koma linaika malire: cidendene cisapose mamilimita 40, ndipo mbale ikhale imodzi. Muona kuti pena analetsa, pena anangocepetsa. Mzere ulipo, koma anthu ndiwo amaujambula, ndipo amaujambula atakangana.

Pa nkhani ya kiyibodi mzerewo unajambulidwa kale ine ndisanalandire yanga. Mu July 2024 kampani ya Razer inaika macitidwe amenewa m'makiyibodi ace ena niwacha Snap Tap, ndipo kampani ya Wooting ya ku Netherlands inatulutsa ofanana nao patapita masiku ocepa. Osewera ochuka anagawanika. Mu August caka comweco a Valve, eni ace a Counter-Strike, analengeza kuti ali yense wopezeka akugwiritsa nchito zimenezi pa mabwalo ao adzaturutsidwa m'sewero. Cifukwa cimene anapereka cinali cakuti kugwirizana kwa zala ndi kufulumira kwa munthu ndizo zimene sewerolo limayesa. Koma sanaletse maginito aja, kapena mausi yopepuka. Analetsa cimodzi nasiya cina, ngakhale zonse ziri m'bokosi limodzi.

Ndinaganiza masiku ambiri kuti kusiyana kwace kuli pati, ndipo cimene cinandithandiza ndi munda wa agogo. Mukapatsa munthu khasu lakuthwa, la mpini wabwino, adzalima msanga kuposa wa khasu lobuntha, komabe mzere uli wonse waulima ndi msana wace. Akatopa, khasu limatopa naye. Akakhotetsa mzere, umakhota. Koma mukamulembera waganyu, munda udzalimidwa iye ali pa mthunzi. Maginito ndi khasu lakuthwa: amanena zoona za cala canga mwamsanga, ndipo cala cikalakwa amanena kulakwako mwamsanganso, monga ndinaonera pa 13 kwa 6 uja. Kabatani kobisika ndi waganyu. Cala canga cinali kulakwa monga kale, koma kiyibodi inali kuuza kompyuta kuti sicinalakwe.

Loya waciwiri anali wocenjera koposa. Anati: nanga waganyu ndi chimo? Anthu amalemba aganyu caka ciri conse, ndipo cimanga cace cimadyeka. Zoona. Pa munda cimene tifuna ndi cimanga, ndipo njira iri yonse yoongoka yocipezera ndi yabwino. Munthu wokana thirakita cifukwa afuna kumva kuwawa kwa msana tingamudabwe. Koma sewero siliri tero. Taganizani za Samuel Matete, amene anapambana mpikisano wa dziko lonse ku Tokyo mu 1991 pa mamita 400 odumpha zopinga. Cikhala kuti colinga cinali kungofika pa mzere wotsiriza, njira yacidule inalipo: kudula pakati pa bwalo, kapena kulambalala zopinga zonse 10. Palibe akanamuombera m'manja. Zopingazo zinaikidwa dala, ndipo ulemu wonse uli pa kuzidumpha. Katswiri wina wa nzeru za kuganiza, Bernard Suits, analongosola mfundo yomweyi mu 1978, kuti cimene cimapanga sewero kukhala sewero ndi zobvuta zimene osewera adziikira okha mwa kufuna kwao. Mu mpira tinagwirizana kusagwira ndi manja, ngakhale manja ndiwo apafupi. Mu nsolo tinagwirizana kuti uli yense awerenge yekha m'mutu. Wocotsa cobvutaco angaoneke monga wapambana msanga, pamene iye waleka kusewera osauza mnzace.

Inu amene munalemba masamu a Giredi 12 mudziwa izi kale. Pa pepala loyamba kakyuleta siloledwa, pa laciwiri iloledwa. Makina ndi amodzi-modzi. Cimene casintha ndi funso limene pepala liri kufunsa za inu.

Loya wacitatu anati: koma iwe sunacite monga akuba enieni. Mu October 2018, pa mpikisano wina ku Shanghai, wosewera wa timu ya OpTic India wodziwika ndi dzina lakuti forsaken anagwidwa ndi pulogalamu yomulunjikira mfuti, imene anaibisa poicha dzina lofanana ndi la pulogalamu yolembera makalata. Analetsedwa kusewera zaka 5, ndipo timu yonse inacotsedwa mu mpikisano. Ine ndinali kulunjika ndekha. Ndiponso lamulo la a Valve linali la mabwalo ao, osati la cipinda ca mnzanga kumene kunalibe woweruza kapena mphotho. Zonsezi ndi zoona, ndipo ndibvomera kuti kuba nkhuku ndi kuba ng'ombe sizilipiridwa mofanana pa bwalo la amfumu. Koma loya ameneyu analephera funso limodzi laling'ono: ngati panalibe colakwa, cifukwa ninji sindinanene? Za maginito ndinadzitama tsiku loyamba lomwe. Mausi ndinampatsa kuti aiyese kulemera m'dzanja. Cinthu cimodzi cokha ndico ndinabisa, ndipo mtima wanga unadziwa cobisa usanafunse mutu.

Pamene sindinapeze yankho losalala

Pano ndiyenera kucenjera kuti ndisakuuzeni kuti makina othandiza zala ndi oipa mwa iwo okha. Mu 2018 kampani ya Microsoft inatulutsa cida cocedwa Xbox Adaptive Controller, copangidwira anthu olumala, kuti wina azisewera ndi phazi, cigongono kapena cibwano. Mnyamata wa dzanja limodzi atati asewere nafe, ndipo kiyibodi nkumugwirira nchito ya zala zimene alibe, ndani wa ife angaime kunena kuti waba? Tonse tingagwirizane mokondwa, cifukwa kwa iye makinawo ali kumulowetsa m'sewero, pamene ine anali kunditurutsamo. Ngakhale ine ndi mnzanga, tikanagwirizana poyera kuti popeza ndiwe katswiri, ine nditsegule kabatani kaja kuti tilingane, sipakanakhala mlandu. Akulu amacita zotero pa nsolo akamasewera ndi mwana, amamulola kubweza dzanja. Cinthu comweco cikacitika poyera ndi cifundo ca wamphamvu, ndipo cikacitika mobisa wofooka waba ulemu umene sanaugwirire nchito.

Cimene cikali kundibvuta ndi cina. Nditatseka kabatani kaja, zida zanga zikali zoposa zace, ndipo ndinazipeza cifukwa ndiri ndi akulu ku Johannesburg, iye alibe. Lamulo liri lonse limene ndachula pamwambapa limandilola. Koma kodi kuloledwa ndi cilungamo ndi cinthu cimodzi? Mwana wa ku sukulu yokhala ndi laibulale ndi magetsi amalemba mayeso amodzi ndi mwana wowerengera pa koloboyi, ndipo palibe mwa iwo waba. Komabe tikaona zotsatira timanena kuti uyu ndi wanzeru, uyo ndi waulesi, ngati kuti anayambira pa mzere umodzi. Ndaona kuti ife amene tinalandira khasu lakuthwa timaiwala msanga kuti tinacita kulandira. Pakapita miyezi iwiri timayamba kukhulupirira kuti ndi msana wathu wokha, ndipo timayamba kuphunzitsa ena za khama. Paja amati kanthu nkhama, phwiti anakwatira njiwa. Mwambiwo ndi woona, koma umamveka mosiyana ukaturuka m'kamwa mwa munthu amene njiwa anacita kumubweretsera m'katoni.

Ndipo taonani cimene bodza langa lacete linacita kwa mnzanga. Ndalama sanataye. Cimene ndinamulanda ndi muyeso wace. Kwa zaka zitatu anali kudziwa pamene luso lace lafika poliyesa ndi langa. Ine nditasintha sikelo mwakabisira, iye anayamba kukayika zala zace zomwe, nataya tulo kufuna-funa kulakwa kumene kunalibe. Pambuyo pace anandiuza kuti anali atayamba kuganiza zoleka, poyesa kuti wakalamba. Munthu wa zaka 26!

Loweruka lija

Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine ndinakhala kuuna masabata atatu. Loweruka lacinai, tisanayambe, ndinatembenuza kompyuta yanga ndi kumuonetsa malo aja. Ndinafotokoza zonse, ndi za phunziro labodza lija lomwe.

Anakhala cete nthawi yaitali. Ndinayembekezera kuti adzakalipa, ndipo mwina zikanandipepukira. Iye anangofunsa kuti, "Ndiye pamene unali kundionetsa cala cija, unali kundiona bwanji?" Ndinalibe yankho, ndipo mpaka lero ndiribe. Ananyamuka napita panja, ndipo ndinamumva akukamba ndi alongo ace za makala ndi ndiwo, nkhani zosakhudza ine konse. Atabwera anati, "Tseka cinthuco. Ndipo bwera nayo kuno kiyibodi yako, iwe utenge yanga."

Tinasinthana. Ine ndinakhala pa mabatani ofufutika, olimba, amene D wace amafuna kumukankha ngati citseko ca nkhokwe, ndipo ndinadabwa kuti munthu anaphunzira luso lotere pa cinthu cotere. Anandigonjetsa 13 kwa 3. Sanaseke ndipo sanadzitame. Anazula waya wa kiyibodi yanga, naikankhira kwa ine, nati mabatani ace ndi ofewa kwambiri, amamva ngakhale cala cikangopuma. Mausi yokha ndiyo anati ndimubwereke mpaka Loweruka, ndipo ikali kwao.